Ngongole Yakale Pakati pa Abwenzi

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'masukulu a Mishoni

Mutu umene ndapatsidwa suli m'buku la kalasi iri yonse, koma ndikhulupirira kuti m'nyumba muno mulibe munthu amene sunamkhudze, kapena monga wokongola, kapena monga wokongoza, kapena monga wolembera wina kalata. Ndinena za ndalama zimene munthu apatsa bwenzi lace kuti lidzabweze, ndipo zipita zaka, uyu osabweza, uyo osafunsa, kufikira onse aŵiri ayamba kupeŵana m'njira.

Ife aphunzitsi tigwa m'nkhani yotere kaŵirikaŵiri, ndipo cifukwa cace si kuipa mtima ai. Mphunzitsi watsopano afika pa sukulu ya kumudzi alibe mphika, alibe ufa, ndipo malipiro ace oyamba acedwa. Amene amgwira dzanja ndiye mnzace wa nyumba yoyandikana. Wina mwana wace wasankhidwa kunka ku sekondale. Wina walandira uthenga wa maliro pakati pa mwezi. Tikongozana popanda pepala ndi popanda mboni, pakuti kufunsa pepala kwa munthu amene udya naye m'mbale imodzi kuoneka monga kumyesa wakuba. Pamenepo ifika kalata yakusamutsa. Wina atumidwa ku Lundazi, wina atsala ku Katete, ndipo ngongole ija itsala pa mseu yopanda woinyamula.

Tiyambe ndi lamulo la Boma, pakuti ambiri a ife tilidziŵa mwa mphekesera cabe. Ena ayesa kuti ngongole yosalembedwa siiri kanthu pamaso pa woweruza. Kuganiza kotero nkulakwa. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ndipo bwalo lilimva. Cobvuta ndi umboni, pakuti wodandaula ndiye ayenera kuonetsa kuti ndalama zinaperekedwa, ndiponso kuti zinaperekedwa kuti zidzabwezedwe. Masiku ano ambiri atumiza ndalama pa foni, nasunga uthenga wace, nati umboni wanga ndi uwu. Uthengawo uonetsa kuti ndalama zinacoka kwa uyu kunka kwa uyo pa tsiku lakuti. Koma sunena ngati zinali ngongole kapena mphatso, ndipo milandu ya abwenzi ipotoka pomwepo: wina ati ndinamkongoza, mnzace ati anandithandiza.

Dziŵaninso kuti kulephera kubweza ngongole si mlandu wa polisi. Ngati munthu anatenga ndalama mwa cinyengo, ponama dala, imeneyo ndi nkhani yina. Koma ngongole wamba ipita ku Local Court kapena kwa majisitireti monga mlandu wa pakati pa anthu aŵiri. Ndipo wokongoza alibe mphamvu yakuloŵa m'nyumba ya mnzace ndi kuturukamo ndi njinga kapena wailesi. Akatero, iye mwini angathe kusanduka woimbidwa mlandu.

Tsono pali cinthu cimodzi cimene ndifuna kuti tikhalirepo, ndico ciŵerengero ca zaka. Dziko lathu linalandira malamulo ena kucokera ku England, ndipo limodzi la iwo ndi lija lochedwa Limitation Act, la caka ca 1939. Monga mwa lamulo limeneli, mlandu wa ngongole ya pangano wamba uyenera kufika ku bwalo zisanathe zaka 6 kuyambira tsiku limene ndalama zinayenera kubwezedwa. Ngati munapangana kuti adzabweza pa kutha kwa Juni 2018, khomo linatsekeka pa kutha kwa Juni 2024. Nanga ngati simunachule tsiku konse, monga ticita ife abwenzi? Pamenepo mpoopsa koposa, pakuti oweruza a cilamulo cimeneci anagamula kale kuti ngongole yopanda tsiku iyamba kuŵerengedwa pa tsiku lomwelo limene ndalama zinaloŵa m'dzanja la wokongola, ngakhale mwini wace sanafunse nkamodzi komwe. A ku England anakonza mbali imeneyi mu 1980, poona kuti ipweteka abale ndi abwenzi okongozana mwa cikhulupiriro. Koma lamulo limene tinalandira ife ndi lija la 1939. Motero munthu woleza mtima, amene acita manyazi kukumbutsa mnzace, ndiye amene zaka zimthera.

Tisafulumire kunyoza lamuloli. Silinaikidwe kuti lithandize onyenga. Pakapita zaka zambiri mboni zimwalira, mapepala adyedwa ndi ciswe, ndipo ngakhale anthu oona mtima akumbukira mosiyana. Uyu ati zinali mazana asanu, uyo ati atatu, ndipo onse aŵiri alumbira ndi mtima woyera. Woweruza sangathe kupeza coonadi m'nkhungu yotere, ndipo sikuyenera kuti munthu akhale moyo wace wonse ndi mantha akuti tsiku lina adzadzutsidwa mlandu umene sangathenso kudzikanira.

Komatu tapenyetsetsani cimene lamulo linena ndi cimene silinena. Linena kuti bwalo silidzakakamiza. Silinena kuti ngongole yafa. Woweruza sadzutsa yekha nkhani ya zaka. Wokongola ndiye ayenera kuichula ndi pakamwa pace. Munthu akabweza ngongole zitapita zaka zisanu ndi cimodzi zija, sangabwere maŵa kudzati mundibwezere, ndinalipira cosayenera. Ndipo wokongola akalemba kalata yobvomera ngongole, nalembapo dzina lace, kapena akabwezako pang'ono, zaka ziyamba kuŵerengedwa mwatsopano kucokera tsiku limenelo. Zonsezi zitionetsa kuti lamulo lomwe lidziŵa kuti ngongoleyo ikali kupuma.

Wina wocenjera adzati, ngati kuli tero ndiye ndisalembe kanthu, ndingadzimangenso ndekha. Inde, udzadzimanga, ndipo ndico cimene ndikupempha kuti ucite. Taganizani, anzanga, mphunzitsi alikuimirira pamaso pa majisitireti. Sanena kuti sindinalandire, pakuti analandira. Sanena kuti ndinabweza, pakuti sanabweze. Angoti, zaka zapita. Mlandu adzapambana ndithu, ndipo palibe wakumletsa. Koma Lolemba m'maŵa adzaima patsogolo pa ana makumi asanu ndi kuŵafunsa kuti ndani watenga pensulo ya mnzace.

Makolo athu sanaŵerenge zaka m'nkhani zotere. Anati mlandu suola. Munthu akakongola mbuzi kapena mtanga wa mapira, mudzi wonse unadziŵa, ndipo akamwalira asanabweze, mwini mbumba ndi abale ace anayankha m'malo mwace. Sindiyamika zonse za makedzana, pakuti kunali nthaŵi imene mwana anaperekedwa cikole pa mlandu wa atsibweni ace, ndipo palibe wa ife afuna masiku amenewo abwerere. Koma m'mwambomo munali coona ici, cakuti ngongole siitha ndi kukalamba. Itha ndi kubweza, kapena ndi mau a mwini wace. Mabwalo a Local Court, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1966 m'malo mwa mabwalo akale a m'masiku a atsamunda, aweruza monga mwa mwambo pamene mwambowo sutsutsana ndi lamulo lolembedwa kapena ndi cilungamo, ndipo kumeneko munthu adzinenera yekha popanda loya, pamaso pa akulu amene adziŵa bwino kusiyana kwa wosauka ndi wozemba.

Nanga Malembo atiuza ciani? Ndaona cinthu codabwitsa pakati pa ife Akristu. Wokongola akonda mavesi onena za kukhululuka, ndipo wokongoza akonda mavesi onena za kubweza. Yense wanyamula katundu wa mnzace. Pa Deuteronomo 15 tiŵerenga za caka cacisanu ndi ciŵiri, camasulidwe a ngongole pakati pa ana a Israyeli; koma lamulolo lilankhula kwa wokongoza, kuti iye atambasule dzanja lace. Silipatsa wokongola ufulu wakubisala kufikira cakaco cikwane. Pa 2 Mafumu 4 pali mkazi wamasiye amene ana ace anati atengedwe ukapolo cifukwa ca ngongole ya mwamuna wace. Ndipo mafuta atacuruka m'zotengera, Elisa anamuuza kuti ayambe wabweza ngongole, ndi kuti iye ndi ana ace adye zotsalazo. Wamasiye, wosauka, ngongole si yace, koma mneneri sanaiyese cabe. Ndipo pa Deuteronomo 24 wokongoza aletsedwa kuloŵa m'nyumba kukatenga cikole, aletsedwanso kutenga mphero ya munthu, monga ife tinganene khasu kapena mtondo, cifukwa pamenepo ndi pamene pali moyo wace. Kukhululuka kuli m'dzanja la wokongoza yekha. Wokongola sangadzikhululukire mwini, monga mwana wa sukulu sangadzicongere yekha mayeso ace.

Cifukwa cace ndinena kuti woyenera kunyamuka poyamba ndiye wokongola. Tsiku lija anafuna ndalama sanadikire kuti mnzace amfune; anapalasa njinga, nagogoda pakhomo, nakhala pansi modzicepetsa. Njira ya ku nyumba imeneyo aidziŵa. Akulu anati cibwenzi ca nkhwangwa cikoma pokwera, ndipo tonse tidziŵa cimene nkhwangwa iona mwini wace atafika pamwamba. Koma ndisaweruze mouma. Ambiri amene athaŵa abwenzi ao sathaŵa cifukwa ca umbala. Athaŵa cifukwa ca manyazi. Caka coyamba analibe ndalama, caka caciŵiri anacita manyazi kuti wacedwa, caka cacitatu anacita manyazi ndi manyazi ace aja, ndipo tsopano akaona mnzace pa msika wa ku Chipata akhotera ku tsidya lina la mseu. Ndalama zinali zocepa, koma zadya cibwenzi ca zaka makumi aŵiri. Kwa wotere ndinena kuti pita ngakhale cimanjamanja. Ukanene kuti ngongole ija ndiikumbukira, ndi yakuti, lero ndiribe, koma mwezi ndi mwezi ndidzapereka mwakuti. Ukachule ciŵerengero cimene ungathe, osati cimene cikometsa nkhope yako tsiku limenelo. Ngati uli m'cilimba ndi anzako, mwezi wako ukafika uyambe ndi iye.

Tsopano tifike pa funso lobvuta, limene ndiyesa kuti ambiri a inu mulikuliyembekeza: ndibweze zingati? Cinenero cathu cisiyanitsa kubwereka ndi kukongola. Ukabwereka khasu ubweza khasu lomwelo. Ukakongola dengu la cimanga m'Januwale, cimangaco udya, ndipo pokolola ubweza cina, koma dengu likhala lomwelo, lodzala cimodzimodzi. Bvuto la ndalama ndi lakuti dengu lace licepa caka ndi caka, dzina lace osasintha. Tiyeni ticite samu pang'ono, popeza ndife aphunzitsi. Mu Januwale 1968 dziko lathu linasiya mapaundi ndi masheleni, ndipo paundi imodzi inasanduka K2. Pa 1 Januwale 2013 Boma linacotsa maziro atatu pa ndalama zathu, K1,000 yakale nisanduka K1. Tsono munthu amene anakongola mapaundi 5 mu 1967, ndalama zolemera ndithu m'masiku amenewo, anali ndi ngongole ya K10 mu 1968, ndipo pa ciŵerengero ca lero ngongole yace ndi ngwee imodzi. Kodi alipo pano amene angapite kwa nkhalamba imene inamthandiza, natula ngwee imodzi pa mphasa, nati tathana?

Citsanzo cimeneco ncakutali, koma cocepa cace ticiona masiku onse. K500,000 ya mu 2011 ndiyo K500 ya lero. Funsani amai kunyumba ngati idzaza mtanga umene inadzaza caka cija. Lamulo la Boma liŵerenga manambala: unakongola mwakuti, ubweze mwakuti, ndipo ciongoladzanja ca pangano cikhalapo ngati munapangana. Cikumbu mtima ciyenera kufunsa funso lina, ndilo lakuti, ndalama zija zinandicitira ciani? Ngati zinagula matumba aŵiri a feteleza, funsa mtengo wa matumba aŵiri lero. Ngati zinakufikitsa ku maliro a amai ako ku Petauke, funsa mtengo wa basi lero. Kumeneko si kucita kaloba, pakuti wa kaloba afuna phindu pa tsoka la mnzace, ndipo apangiratu phindulo asanapereke. Uku nkubweza dengu lodzala monga unalilandira. Sindinena kuti wokongoza aumirize zimenezi, iai; iye ayenera kulandira manambala ace ngati mnzace sangathe kupitirira pamenepo, ndipo angathe kukana zoonjezerazo mwa ufulu wace. Koma kuchula nkhaniyo ndi nchito ya wokongola, kuti mnzace akhale ndi mwai wakunena yekha kuti zisiye.

Ndisaiŵale inu okongoza, pakuti inunso muli ndi mangawa anu. Ambiri a inu mukhala cete pamaso pa mnzanu, koma simukhala cete kwa akazi anu, kwa aphunzitsi anzanu, ngakhale kwa Abusa. Sukulu yonse idziŵa za ngongoleyo, kupatula kuti mwini wace sanaimve pakamwa panu ciyambire. Kumeneko si kuleza mtima. Mukafuna ndalama zanu, muuzeni iye yekha, poyera ndi mwaulemu. Akapanda kumva, mutenge munthu mmodzi wamkulu amene nonse mumlemekeza, monga ticita ndi ankhoswe pa nkhani za banja. Kumcititsa manyazi pa msonkhano wa aphunzitsi, kapena kulemba dzina lace pa WhatsApp kuti onse aone, sikunabweze ngwee ya munthu, koma kwatseka makomo ambiri. Ndipo mukatsimikiza mumtima kuti mwamkhululukira, musakhululuke mobisa. Kamuuzeni ndi mau omveka kuti ngongole ija ndaifafaniza, usaiganizenso. Mukapanda kutero, inu mudzayenda omasuka, koma iye adzakhala alikukupeŵani kufikira imfa cifukwa ca cinthu cimene kulibe.

Ndachula imfa, ndipo pamenepo ndi pamene nkhaniyi iyesedwa koposa. Mudziŵa mwambo wathu wabwino, wakuti pa maliro, kapena pa tsiku lakumeta, akulu afunsa kuti ngati alipo amene malemu anamkongola, kapena amene anakongola kwa malemu, adziulule. Okongoza aimirira msanga. Okongola ndiwo asoŵa. Lamulo la 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo lilamula woyang'anira cumaco kuti ayambe walipira ngongole za malemu ndi zoonongedwa pa maliro, ndipo zotsala azigaŵe motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene malemu anali kuŵasunga. Ndalama zimene malemu anakongoza anzace ziri mbali ya cuma cimeneco. Tsono ngati mnzako anakukongoza muli aŵiriŵiri kuseri kwa kalasi, namwalira osauza munthu, palibe bwalo pa dziko lino limene lidzakupeza. Wamasiye sadziŵa, ana sadziŵa, pepala palibe. Koma theka la ndalama zimene wasungazo ndi la ana ace, amene kapena caka cino alikusoŵa yunifomu ndi makope. Upite kwa woyang'anira cuma pamodzi ndi mboni, ukapereke pamaso pa wamasiye, kuti ndalamazo zisatayike m'njira.

Cotsala ndi nchito yathu ya ulembi. M'midzi yambiri mphunzitsi akali munthu amene anthu adza kwa iye kuti aŵalembere ndi kuŵacitira umboni, ndipo tingathe kuletsa milandu yambiri isanabadwe. Aŵiri akadza kwa inu, kapena inu eni mukakongozana, kapepala kakang'ono kakwanira. Mulembepo tsiku, maina a onse aŵiri, ciŵerengero ca ndalama m'manambala ndi m'mau, mau akuti ndi ngongole yodzabwezedwa, ndi tsiku lakubweza. Onse alembepo maina ao kapena adinde cala, pamodzi ndi mboni imodzi kapena ziŵiri. Mulembe mapepala aŵiri ofanana, yense asunge lace, ndipo pobweza pang'ono pali ponse mulembe kuseri kwace tsiku ndi ciŵerengero. Wina akadandaula kuti pepala liononga cibwenzi, mumuuze kuti silinalembedwe cifukwa ca iye, koma cifukwa ca mkazi wace ndi ana ace, amene sanalipo pamene aŵiriwo anapangana. Pa ngongole yakale imene inalibe pepala, kapepala komweko kangathe kulembedwa lero, koyamba ndi mau akuti ndibvomera, ndipo woyenera kubwera nako ndi wokongola.

Bambo Wapampando, ndaona mulikupenya koloko. Ndikhala pansi kuti anzanga afunse mafunso ao.